Za Ndime ya a Elliam ndi Chingwe cha Mfundo Zisanu

KOMITI YA SIKIMU YOTHIRIRA YA TIYESENAWO, DERA LA KALEMBO, BALAKA

Tsiku: Loweruka, 14 Sepitembala 2024
Malo: Pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi thanki
Opezeka: Mayi Lukiya Bashir (Wapampando), a Noah Mulepa (Mlembi), Mayi Joanna Jimu, a Zubairu Twaibu, a Kumbu, Mayi Nelia, Mayi Chrissie
Oitanidwa: a Elliam Nakoma, Mayi Triza (mlangizi wa zaumoyo)
Osapezeka: Mayi Ramla, ali kumaliro ku Nsamala

Mawu ali m'munsimu ndi anga, ine Noah. Dzanja lokha ndi la a Joanna. Kusukulu sindinapondeko, koma chiyambireni sikimu ino sindinatayepo liwu la msonkhano.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 10:30 m'mawa. A Joanna anapemphera.

2. Zotsalira za msonkhano wapita

Mlembi anakumbutsa kuti a Elliam, eni ndime ya pamzere wachiwiri, anaphonya katatu ulonda wa pathanki. Kachitatuko anachokapo kukakonza njinga ya munthu wodutsa, madzi nkutayika onse, tomato wa a Zubairu pamzere wachisanu nkufota. Lamulo lathu likuti wophonya katatu alandidwe ndime. Ndimeyo ndiyo imadyetsa a Elliam, akazi awo ndi ana awiri. Mwezi watha Mlembi anakana kuti dzina lifufutidwe, ndipo anakanitsitsa mpaka komiti inalola mwezi umodzi woyesera.

3. Mawu a alangizi a zaumoyo

Mayi Triza anati, a Elliam atawaloleza kunena, kuchipatala anawapeza ndi vuto lotchedwa ADHD: maganizo sakhazikika pa chinthu chimodzi, thupi silifuna kukhala pansi, nthawi imawapitirira osadziwa. Anati si ulesi, si chamba, ndipo sanalodzedwe. Anati ena amapatsidwa mankhwala adokotala akaona kuti nkoyenera, koma chothandiza tsiku ndi tsiku ndi kugona mokwanira, kuduladula ntchito, chikumbutso chooneka ndi maso, ndiponso kugwira ntchito pali mnzako.

Kenaka anafunsa amene anawaika a Elliam pathanki. Wapampando anati ndi komiti, powamvera chisoni, chifukwa ndiyo ntchito yopepuka: kungokhala pampando maola anayi. Mayi Triza anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Munawapatsa yolemetsa kuposa zonse, amayi. Ndipo ndondomeko munawalembera papepala?" A Elliam anati pepalalo analichapira limodzi ndi buluku.

Zilembedwe kuti Mlembi ananena kalekale kuti mapepala sathirira dimba.

4. Lipoti la mwezi woyesera

Mlembi anafotokoza njira yake. A Elliam anachotsedwa pampando nkupatsidwa ntchito yoyenda, yotsegula ndi kutseka madzi mzere ndi mzere. Mlembi anawamangira chingwe cha mfundo zisanu padzanja, chofanana ndi chimene iye amasungira mitu ya misonkhano. Mzere ukamwa, amamasula mfundo imodzi. Wotchi sinagwire ntchito, choncho anagwirizana kuti adhana ya masana ikamveka kumzikiti, ngakhale a Elliam ndi Mkhristu, asiye chilichonse akatseke mpopi waukulu.

A Elliam anayamba kulongosola, ali chiimire chifukwa anakana benchi. Anafika pa nkhani ya mbuzi za apongozi awo, Wapampando nkuwabweza. Anati masiku onse sanaphonye, ndipo chingwe anachiiwala kamodzi kokha, akazi awo nkuwathamangira nacho. Anthu anaomba m'manja. Mayi Nelia analulutira, Wapampando anawaletsa, kenaka analulutira okha.

A Zubairu anati m'manja mudikire kaye. Anati iwo anawatsatira a Elliam m'mawa uliwonse kuti awagwire akulakwa.

Mlembi anafunsa, "Nanga munawagwira, achimwene?"

"Iyayi."

"Kwezani mawu, a Joanna sakumva."

"Ndati iyayi, madala! Munthu wake amayenda ngati wathawa njuchi, ine ndatha patapata."

A Elliam anati, "Inetu ndimaona ngati mukundiperekeza, che Zubairu. Mukakhala pambuyopo mutu umakhala pamzere. Tsiku lomwe munapita ku Liwonde ndinatsala pang'ono kutsata agulugufe."

Mayi Triza anati ndi zomwe ananena zija: mnzako pambali ndi mankhwala. A Zubairu anati sanabadwire kukhala mankhwala a munthu. Msonkhano unaima kanthawi chifukwa cha phwete.

Atafunsidwa ngati ali ndi china, a Zubairu anavomera monyinyirika kuti a Elliam, poti maso awo amaona chilichonse, anaona udzu wobiriwira pakati pa pouma, nkukumba, nkupeza paipi yong'aluka imene yakhala ikuba madzi a mzere wachisanu zaka ziwiri. Komiti yonse inkadutsa pomwepo. Mlembi nayenso ankadutsa pomwepo, koma maso ake ndi akale.

5. Chigamulo

Wapampando anati lamulo ndi lamulo, choncho pakhale voti: ndime ilandidwe kapena ikhale. Anawauza a Elliam kuti akhale pansi ndipo asasunthe mpaka manja awerengedwe. Anakhala, mwendo ukugwedezeka.

Manja asanakwere, adhana inamveka. A Elliam anadzambatuka nkuthamanga osatsanzika. Wapampando anakuwa, "Mwaona mwanowu? Tikugamula za iwo omwe!" A Zubairu anati, "Asiyeni, amayi. Akukatseka mpopi."

Kenaka tinamva chitsulo chikulira kuthanki, madzi nkuleka.

Dzanja loyamba kukwera linali la a Zubairu. Onse asanu ndi awiri anati ndime ikhale ya a Elliam, ndipo ntchito yoyenda m'mizere ikhale yawo mpaka mvula.

6. Zina ndi zina

A Zubairu anapempha Mlembi chingwe china. Anati nchamwana wawo wamkazi, amene aphunzitsi amati samva. Anapemphanso Mayi Triza awauze tsiku lopita naye kuchipatala. Mlembi anati chingwe amanga, koma mfundo zitatu zokha poyamba.

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 12 Okutobala 2024, malo omwewo.

Msonkhano unatsekedwa 12:50 masana. A Elliam anali asanamve chigamulo. A Zubairu anati akawauza okha akachoka kumzikiti, popeza mzere umene munthuyo ali akuudziwa.

Wapampando: Lukiya Bashir
Mlembi: Noah Mulepa (chidindo cha chala)