Chifukwa chomwe ndinamukhazikira Goodwill pabenchi

Perth, Lachinayi

Okondedwa achemwali anga, Amake Goodwill,

Moni wa mafuno abwino kuchokera kuno kutali. Muli bwanji kumeneko ku Kawale? Kodi kuthamanga kwa magazi kuja kwatsikako, mankhwala mukumwa? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tikudzuka. Mlamu wanu Lilly akugwirabe ntchito kuchipatala konkuja. Mwana wathu Tasha watalika kundiposa, Chichewa amamva chonse koma kuyankha ndi Chingerezi chake cha m'mphuno chija.

Mudabwa kuona kalata yolemba pamanja pomwe timayankhulana pafoni. Ndakhala ndikukuimbirani sabata ino, koma ndikangomva mawu anu nkhani imandithawa, n'kuyamba kukufunsani za mvula. Ndiye ndati ndilembe, Tasha ajambule akutumizireni pa WhatsApp lero lomwe. Werengani mpaka kumapeto musanaimbire aliyense. Mwana wanu ali moyo, akuyenda, akudya. Koma iye ndi ine sitikuyankhulana, ndipo Lamulungu likubwerali likundiopsa.

Mukukumbukira mmene ndinayambira ndi timu ya mpira ya pakoleji ya ku Bentley ija. Palibe kochi amene ankaifuna. Matimu ena akamabwera kudzasewera nafe ankabwera akuseka ngati akukatola mango. Anyamata ankafika kumafizo tsiku limene afuna, ena mowa uli m'chikwama. Ine ndinkaweruka ku Kewdale, komwe ndimakweza katundu m'mathiraki, n'kuthamangira kubwalo mipira ili kumbuyo kwa galimoto, msana ukuwawa. Chaka choyamba tinathera pansi penipeni pa ligi. Chaka chachiwiri ndinachotsa kaputeni chifukwa chojomba, anzake ena n'kunyanyala naye limodzi, moti masewera ena tinalowa m'bwalo tili osakwana. Koma amene anatsala anaphunzira kuti lamulo ndi limodzi kwa aliyense, kaya ndiwe dolo kaya ndiwe wophunzira kumene.

Kenako munanditumizira Goodwill kuti adzaphunzire kuno. Ndinene chilungamo, achemwali: khoma la timuyi ndinamanga ine, koma denga anakhoma ndi mwana wanu. Zigoli zambiri za chaka chino ndi zake. Azungu amatchula bwino dzina lake kuposa langa.

Mwezi watha mayi Katherine, amene amayang'anira zamasewera pakolejipo, anandiitanira ku ofesi. Anati akuluakulu akuganiza zolemba kochi wokhazikika, ntchito yeniyeni yoti ndikhoza kusiya za ku Kewdale. Sananene kuti chikho ndicho chidzagamule, anangoti akuluakuluwo amakonda chinthu chooneka ndi maso. Ndinamva chimene ankatanthauza.

Tsiku la semifainolo kunagwa mvula yozizira ya kuno ija. Chakumapeto kwa masewera tinapeza kona. Goodwill anadumpha, goloboyi wawo nayenso anadumpha. Mpira unalowa, koma mitu inagundana, ndipo kugunda kwake ndinakumva ndili pabenchi. Goodwill anagona pansi kanthawi, kenako anadzuka akuseka anzake atamuunjikira. Mayi wothandiza ovulala anamufunsa mafunso awo aja, dzina lake, tsiku, amene wagoletsa. Anayankha onse. Atamufunsa ngati mutu ukuwawa anati ayi, ndiye anamulembera kuti ali bwino.

Zina tinakaziona kunyumba. M'mawa mwake Lilly anamumva akusanza kubafa, iye n'kunamizira nkhuku ya dzulo lake. Masana anatseka makatani onse pabalaza n'kukhala mumdima. Lolemba tili pa chakudya anandifunsa kuti fainolo tikasewerera bwalo liti, ndinamuuza. Tisanamalize kudya anafunsanso funso lomwelo, osadziwa n'komwe kuti wafunsa kale. Tasha anaseka poyesa nthabwala. Lilly sanaseke, anangosiya kudya n'kundiyang'ana.

Anandifotokozera kuti ubongo wa mwanayu unagwedezeka, ndipo ukagundidwanso usanapole munthu akhoza kugwa osadzukanso, kapena kudzuka ali munthu wina. Anati otere amawaona kuwodi kwawo, anyamata amphamvu akudyetsedwa ndi supuni. Tinamupempha Goodwill kuti tipite naye kwa dokotala. Anakana kwamtuwagalu. Kuno munthu wa msinkhu wake sungamukoke dzanja kupita naye kuchipatala, ngakhale uli malume ake.

Chomwe ankakanira ndinachidziwa pambuyo pake. Kochi wa timu ina yaikulu ya muno mu Perth anali atalonjeza kudzamuonera pa fainolo. Mwana ankaona khomo lomwe wakhala akulilota chiyambire kumenya mpira wachikulunga m'fumbi la ku Kawale, ndipo sankafuna kuti dokotala alitseke.

Titamaliza mafizo omaliza ndinamuitanira kugalimoto. Ndinamuuza kuti akapita kwa dokotala, n'kukanena zoona zokhazokha, dokotalayo n'kumuloleza, ndimuika. Kupanda apo sasewera. Anandifunsa ngati ndikuyankhula monga kochi kapena monga malume. Anati kochi ali ndi pepala lonena kuti iye ali bwino, ndipo zimene malume anaona kunyumba kwawo si nkhani ya timu. Anati ndachita ukazitape, ndatenga za m'nyumba n'kukamugulitsa nazo kubwalo. Ndinamuyankha kuti maso ndili nawo awiri okha, omwewo kunyumba, omwewonso kubwalo. Anamenyetsa chitseko n'kupita kukakwera basi.

Mawa lake anabwera kaputeni wathu Nchimunya, mnyamata wa ku Zambia, kudzayankhulira anzake. Ndi mwana waulemu, anayamba ndi kupepesa. Anati timu yonse ikupempha kuti ndimuike Goodwill olo chigawo chachiwiri chabe, iwo amuteteza, sadumphira mpira wa m'mwamba. Ndinamufunsa ngati anaonapo Goodwill akuulekerera mpira wa m'mwamba. Anangozyolika. Mayi Katherine nawo anaimba foni kufunsa ngati pali kalata ya dokotala yomuletsa. Nditati palibe anati ngati ndikukayika ndichite chimene ndikuona kuti n'choyenera, iwo sandiletsa. Mawu anali abwino, koma sindinagone nawo tulo.

Loweruka Goodwill anabwera kubwalo atavala jezi ndi nsapato, n'kukakhala kumapeto kwa benchi. Chigawo choyamba tinatsogola ndi chigoli cha Nchimunya. Titangobwerera anzathu anabweza. Anyamata anga anayamba kutopa, mpira unkangokhala mbali yathu. Apa ana asukulu amene anabwera kudzachemerera anayamba kuimba dzina la Goodwill, bwalo lonse, ngakhale Amalawi a kutchalitchi kwathu amene ndinawaitana ndekha. Iye anadzuka popanda womuuza, n'kuyamba kuthamangathamanga m'mbali mwa mzere, kudutsa patsogolo panga penipeni, kupita, kubwera, osandiyang'ana.

Achemwali, ndisakunamizeni, dzanja langa linatsala pang'ono kukwera kuti ndimulowetse. Ndinaganiza za zaka zonse zija za mvula ndi matope. Ndinaganiza za Kewdale ndi msana wangawu. Mumtima munabwera mawu oti mphindi zatsala zochepa, palibe chingachitike. Nditatembenuka ndinaona Lilly ataima kuseri kwa mpanda atavala yunifolomu ya kuntchito, atagwira waya ndi manja onse awiri. Ndinaitana mnyamata wina, Miracle, amene chaka chonse sanagoletseko, n'kumulowetsa iyeyo.

Patangopita kanthawi tinapeza kona. Mpira unabwera bwinobwino pamalo pomwe Goodwill amaukonda, unadutsa pamwamba pa mitu yonse popanda woukhudza. Anzathu anautola, anathamanga nawo, n'kugoletsa. Woimbira anaimba wezulo yomaliza tisanapume n'komwe. Chikho chinapita tikuchiona.

Anyamata anagona pa udzu, ena akulira. Miracle anabwera kudzandipepesa ngati walakwa ndi iyeyo. Goodwill anavula jezi, anaipinda bwinobwino, anaiika pamapazi panga, n'kuchoka. Tikufika kunyumba tinapeza kuchipinda kwake mulibe zovala. Ali kwa anzake ku Bentley, m'nyumba ina imene amagonamo ana asukulu ambiri. Foni yanga sayankha, ya Lilly sayankha. Anayankha ya Tasha yokha, mawu amodzi, akuti ali bwino.

Za ntchito ija, mayi Katherine akuti tidikire, akuluakulu sanakumane. Lolemba ndinadzuka n'kupita ku Kewdale monga kale. Ukochi ndinaufuna ndekha, walira mvula walira matope. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, ndipo si zimene ndakulemberani.

Dzulo Nchimunya anandipeza kuntchito. Anati wabwera mobisa, chifukwa Goodwill akadziwa chinzake chitha. Kochi wa timu yaikulu uja wamuitana Goodwill kuti akayesedwe Lamulungu pa masewera ena cha ku Malaga, muno mu Perth momwemu. Za mutu sanawauze. Ndipo Nchimunya anati Lachiwiri anamuona akukwera masitepe a kukoleji atagwira khoma, ataima pakati ngati waiwala komwe akupita.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Muimbireni mwana wanu lero, inuyo nokha, osatuma alamu. Musamuuze zoti andikhululukire, zimenezo zili ndi nthawi yake. Musamukalipire, mukudziwa mmene amaumira akakalipiridwa, anatengera agogo ake aamuna. Mungomupempha kuti Loweruka apite ndi Lilly kwa dokotala akanene zoona. Lilly wasinthana kale ndi mnzake kuntchito kuti tsikulo akhale womasuka. Ngati safuna kuona nkhope yanga, ine sindipita nawo. Dokotala akati apume, matimu sathawa, ndipo ine ndidzamulembera kalata yomuchitira umboni kwa kochi aliyense muno mu Perth.

Koma akakukanirani inunso, ndikufuna mudziwiretu chimene ndichite. Lamulungu ndikalawirira ku Malaga, ndikamupeza kochi uja masewera asanayambe, ndipo ndikamuuza zonse zimene ndakulemberanizi. Mwina sadzamuitananso. Goodwill adzakuimbirani akulira kuti malume amuphera tsogolo, ndipo mwina abale ena kumeneko adzati ndinachita nsanje ndi mwana wa mlongo wanga. Ndati mumve kwa ine kaye. Ngati mukuona kuti ndikulakwa, ndiuzeni lisanafike Lamulungu, ndimvetsera. Koma sindikulonjeza kuti ndikhala pakhomo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Connie ndi ana ake, ndi kwa azakhali ku Mponela. Amayi muwapatse moni wapadera, muwauze kuti juzi ija ndatumiza ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akubwera mwezi wamawa, koma nkhani iyi musawauze kaye. Lilly ndi Tasha akuti moni nonse.

Mwana munandipatsa ali wathunthu. Ndikufuna tsiku lobwerera kwathu adzakudziweni akadzakuonani, adzakutchuleni kuti amayi, ngakhale ine asadzandipatsenso moni.

Foni yanga ili m'thumba, ndikudikira.

Ndine mlongo wanu,
Frackson