Funso la Tisa

Lachinayi, Okutobala. Dzuwa laswa mtengo, thupi lonse lalema.

Ndaima pa mzere wa unga kusitolo ya boma ku Matero kuyambira m'mawa. Unga watha nditatsala pang'ono kufika pakhomo. Madzulo ndikusenda mbatata, ndinangodzilankhulira kuti, "Dziko ili latha." Tisa, mwana wanga wa giredi folo, anasiya kusesa n'kundiyang'ana.

"Amama, ba ticha bakamba kuti munthu odandaula ni mdani wa dziko. Imwe ndimwe mdani?"

Sichinali chipongwe. Mwanayu anachitadi mantha. Ndinamuuza kuti ndatopa chabe, apitirize kusesa.

Chimene sakudziwa n'chakuti aphunzitsi akewo, ba Mwanza, anali kumbuyo kwanga pa mzere womwewo, akunyoza boma kuposa ine. Nawonso anabwerera chimanjamanja, n'kuthamangira kukaphunzitsa kalasi ya masana. Mawu amene Tisa wabwera nawo, ba Mwanza anawanena ali ndi njala ngati yangayi.

Sindikuwakwiyira. Amaphunzitsa zimene apatsidwa. Koma ndikamuuza Tisa zoona, mawa akazinena m'kalasi, ntchito ya ba Mwanza ithera pomwepo. Ndikakhala chete, mwana wanga aziona ngati akudya mbale imodzi ndi mdani.

Mbatata wadya ziwiri zokha, ndipo sanakhale pafupi nane.