Mizere itatu pa njinga yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti pakhomo panazizira chichokereni inu.

Nandolo munadzala kumunsi kwa phiri la Michesi uja tinakolola, ngakhale wambiri anadyedwa ndi mbozi. Mpongozi wanu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni.

Koma chandilembetsa ndi njinga yanu. Mlongo wanga Fanesi ndiye akuyendera tsopano, kupita ndi tomato kumsika monga munkachitira inu. Sabata yatha anagwa nayo pamlatho, dengu lonse pansi, bondo kusupuka. Akuti mahandulo anakwera kwambiri, zala sizifika bwino pamabuleki. Ndiye Loweruka ndinatenga sipanala kukamutsitsira.

Nditapukuta fumbi pachitsulo chonyamula mahandulo chija, ndinaona mizere itatu ya dzimbiri, wina pamwamba pa unzake. Ndinangokhala pansi, Amayi. Mizereyo ndi ntchito yanga. Katatu konse munandiitana kuti, "Mwanawe, tandikwezera mahandulowa, njingayi ikundiweramitsa, msana wandivuta." Ine ndinkakweza, kumanga, n'kumadzitama kuti ndine mmisiri. Kachitatuko ndinakuuzani kuti chitsulo chafika pothera, tikapitirira apa chizuka. Inu munaseka, munati, "Basi, ndizolowera." Sindinadzifunse n'komwe kuti ndi msana wanji wosaleka kuwawa. Tsiku limene tinakukwezani pakaliyala ya njinga yomweyo kupita kuchipatala, adokotala anati matenda analowa kale m'mafupa, tinachedwa.

Munkakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba katatu, Amayi, ine ndi amene sindinamve.

Fanesi sindinamuuze kanthu. Ndinamasula bawuti ya pakati, ndinaigogoda ndi mwala kuti chitsulo chilekerere, n'kutsitsa mpaka mizere yonse inalowa m'kati. Kenako ndinapana tayala ndi mawondo, kuwongola, kumanga. Iye anakwera, anazungulira mtengo wa mango uja kawiri, anati tsopano zili bwino. Ndinafuna kumusinthira timipira togwirira tija poti tinatha, koma anakana. Akuti tinaperepeseka motsata zala zanu, akagwira amakhala ngati wakugwirani dzanja.

Tibwera kudzalambula pamanda mvula isanagwe. Ndikulonjeza kuti tsiku limenelo ndidzamuuza zonsezi inu mukumva. Kaya adzandikalipira, kaya adzangolira, ndidzalandira. Ndatopa kusenza ndekha.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Witinesi