Bambo ayambanso kulankhula chifukwa cha gemu, koma amayi akukana kulowamo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 38, mphunzitsi, ndipo ndikukulemberani mtima uli pawiri. Kunyumba kwa makolo anga kwachitika chinthu chodabwitsa ndi chosangalatsa, koma chinthu chomwecho chatsala pang'ono kutiyambanitsa.

Bambo anga anayendetsa basi ya mumzinda zaka 31, msewu umodzimodzi, nambala 14, kuchokera kudepoti kukafika kuchipatala chachikulu n'kubwerera. Zaka ziwiri zapitazo, atapuma kale ntchito, anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panatsekeka. Munthu amene ankayamba kulongolola ali pageti, wotsutsana ngakhale ndi wailesi, anatsala ndi mawu atatu okha: "eya", "ayi" ndi "madzi". A mafizo, ophunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito, anayesetsa, ifenso tinayesetsa, iwo n'kumangoyang'ana khoma. Amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku ndi amayi.

Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 33, wokonza mafoni. Kwathu timamutcha Mawaya, chifukwa chibadwire sanaonepo chinthu chamagetsi n'kuchisiya chotseka. Ndivomere kuti magemu ake ndinkawanyoza, ndinkati bambo wandevu akusewera ngati mwana. Pali gemu ina yoyendetsa basi imene eni ake amalola anthu kupanga zawozawo n'kuwonjezeramo, kaya misewu, nyumba kapena mabasi. Zowonjezerazo amazitcha mamodi. Mawaya anatha chaka ndi miyezi akumanga msewu wa nambala 14 pakompyuta yake. Loweruka lililonse ankayenda wapansi siteji ndi siteji, akujambula ndi kuyeza ndi mapazi, mpaka mlonda wina anamuthamangitsa pomuyesa kazitape wa akuba.

Atamaliza anabwera ndi laputopu. Bambo anangoyang'ana kamodzi kagalasi kakang'onoko ndi mabatani ake ambirimbiri, n'kuti "ayi". Nkhani inathera pomwepo, chifukwa nthawi imeneyo mamodi ankagwira pakompyuta pokha.

Chaka chino kampani ya gemuyo inalengeza kuti mamodi aziloledwanso pa timakina ta magemu tolumikiza ku TV. Koma kumeneko sulowetsa chinthu chako mwakachetechete ngati pakompyuta. Umatumiza kwa iwo, amachiunika, akavomera amachiika poyera pamene aliyense padziko angathe kuchitenga. Mawaya atatumiza msewu wake, anamubwezera kawiri. Koyamba ati afufute mayina a masitolo enieni. Kachiwiri ati chalemera kwambiri, ndiye anadula mitengo theka n'kuchotsa njiwa zonse zapamsika, akudandaula ngati njiwazo ankaweta ndi iye. Kachitatu anavomera.

Linali Loweruka masana. Tinasuntha tebulo la pabalaza n'kukankhira mpando wa bambo kutsogolo kwa TV. Mawaya anali atakonza kuti zonse zizitheka ndi dzanja lamanzere, chowongolera atachimangirira pathabwa limene amayi amadulirapo masamba, amayiwo akung'ung'udza kukhitchini. TV itayaka, Aphungu, tonse tinasendera pafupi. Depoti yeniyeni inali m'nyumba mwathu, ndi geti lake lopindika, dzuwa likutuluka kuseri kwa thanki ya madzi, mabasi atandandalika monga ndinkawaonera ndikawapititsira bambo chakudya ndili mwana. Sindinadziwe kuti munthu angathe kunyamula msewu wathunthu n'kuulowetsa pabalaza, ndipo munthuyo n'kukhala yemweyu ndinkamupukuta mamina.

Bambo anatulutsa basi pang'onopang'ono, indiketa anayatsa osawaonetsa kawiri. Atadutsa sukulu ya pulayimale anamanga mabuleki pamalo pamene panalibe kanthu. Tinayesa dzanja laphonya. Iwo anatembenuka, kumuyang'ana Mawaya ndi diso limene ankatiyang'ana nalo tikabwera ndi lipoti loipa, n'kufunsa kuti, "Hampu ili kuti?"

Hampuyo, kachitunda kochepetsera liwiro, anaichotsa chaka chatha pokonza msewu, bambo ali chigonere, choncho Mawaya sanaipeze. Koma ndani ankaganiza za hampu? Mawu atatu otsatizana! Amayi anali pakhomo la khitchini, anangokhala pansi pomwepo, chopukutira mbale chili m'manja. Ine ndinalira mokweza osachita manyazi. Mawaya, misozi ili chuchuchu, ankangoti, "Pepani bambo, ndiibwezeretsa, pepani."

Papita miyezi iwiri. Tsopano amatchula masiteji, amakalipira anthu apanjinga a mu TV, ndipo dzana anandiuza kuti ndanenepa, ine n'kuthokoza. Mawu amatuluka movutikira koma akutuluka. Msewu wa bambo autenga anthu oposa zikwi zisanu ndi zinayi. Dalaivala wina wopuma ntchito, wa kudziko lakutali, analemba m'chilankhulo chimene tinachita kumasulira pafoni, akuti ngodya ya pamsika ija ikufuna munthu wodziwa kumene kuli mchira wa basi yake, ndipo akupereka ulemu kwa amene ankakhotapo tsiku lililonse. Titawawerengera, bambo anawongola kolala ya malaya.

Vuto langa nali. Pamsewuwo pali sitolo ya nsapato imene amayi anagwirako ntchito zaka 25. Pamenepo palibe siteji, koma bambo ankachepetsa liwiro n'kuliza hutala kawiri, amayi n'kutulukira pakhomo kuwabayibitsa. Anadziwana chomwecho, ndipo sanasiye mpaka amayi atapuma ntchito. M'gemu sitoloyo ilimo, chitseko chili chotseka. Bambo akafikapo amaimba hutala kawiri, amadikira, kenako amanyamuka nkhope itagwa. Sabata yatha anamuuza Mawaya, liwu limodzilimodzi, kuti, "Ika... mayi ako... pakhomo."

Mawaya akuti n'zotheka, koma akufuna chithunzi choti atengereko nkhope. Chithunzi chabwino cha amayi ali mtsikana, atavala yunifolomu ya kusitolo, ndi chimodzi chokha, ndipo ndikusunga ndine. Amayi atamva kuti bambo sangawaone pa TV popanda dziko lonse kuwaonanso, anakana kwamtuwagalu. Anati, "Ndaima pakhomo paja zaka 25 mpaka miyendo kutupa. Mukufuna ndikaimenso mu TV mpaka kalekale, aliyense wodutsa azindiimbira hutala? Ndine chidole cha pasitolo ine?" Tinaseka, iwonso anaseka pang'ono. Koma kenako tili awiri kukhitchini anandiuza chapansipansi kuti, "Mwanawe, amene akumufunayo ndi mtsikana uja. Ine ndili pompano, sandiimbira."

Mawaya sanamve zimenezo. Iye akuti, "Achemwali, ingondipatsani chithunzicho. Akadzaona bambo akusangalala adzafewa okha. Nanga tikazengereza, mawuwa n'kubwereranso kumene anachokera, mudzati chiyani?" Akufuna kutumiza kumapeto kwa mwezi uno amayi osadziwa.

Aphungu, ndikuopa. Ndikamupatsa, ndawapereka amayi. Ndikamumana, ndikuopa kuti tsiku lina bambo adzafika pasitolopo n'kuika chowongolera pansi osachitolanso, ndipo pakamwa padzatsekekanso chifukwa cha ine. Ndichite chiyani?

E.N.K.

Mchemwali wanga,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinali nditavula magalasi. Ine ndinakula TV ili chinthu chongoonera, lero mwana wokonza mafoni akumanga msewu kuchipinda kwake, bambo ake n'kuyendetsapo basi pabalaza, munthu wa kutsidya kwa nyanja n'kuvula chipewa. Zimenezi n'zodabwitsa, ndipo mlongo wanuyo mumuuze kuti phungu wina wokalamba wamugwadira. Anachita chinthu chachikondi chachikulu.

Koma chithunzicho musamupatse. Musamunamizenso kuti chasowa. Mumuuze lero lomwe, maso ndi maso, kuti chilipo ndipo simupereka popanda mawu a mwini wake. Nkhopeyo si yanu, si ya Mawaya, ngakhale ya bambo si yawo. Mwanena nokha kuti pa timakina timeneti chinthu chimapita poyera. Chikangotengedwa ndi anthu zikwizikwi, ngakhale mutachichotsa mawa, ena adzakhala atajambula kale n'kugawana. Madzi akatayika sawoleka. Zoti "adzafewa okha" ndi mawu a munthu amene wadziwa kale kuti akamufunsa mwini wake amukaniza.

Za mantha anu, ndikumvetsa, koma mukudzisenzetsa katundu amene si wanu. Bambo anayamba kulankhula chitseko cha sitolo chili chotseka, ndipo miyezi iwiri yonseyi mawu akhala akuwonjezeka chili chotsekabe. Ine si dokotala, ndiye pitani kwa a mafizo sabata ino mukawafotokozere zonse, ngati n'kotheka muwajambulire kavidiyo bambo akuyendetsa. Akuuzani mmene mungagwiritsire ntchito gemuyi kuti mawu achuluke, ndi maola oyenera patsiku kuti asatope. Funaninso anzawo a kudepoti amene alipo, makamaka kondakitala amene anayenda nawo nthawi yaitali, azibwera kudzakhala pambali pawo. Mudzaona mikangano ya masiteji mmene idzatokosere lilime.

Tsopano ndifike pamene pali chilonda. Mawu amene amayi anakuuzani kukhitchini ndiwo nkhani yonse, ndipo sakukamba za gemu ayi. Nonse m'nyumbamo maso ali pa TV, mukuwerenga mawu a bambo ngati mazira a nkhuku yoyamba kuikira, ndipo mukuyenera kutero. Nanga amayi anafunsidwa liti kuti mwadzuka bwanji, wofunsayo n'kudikira yankho? Loweruka likubwerali Mawaya akhale ndi bambo tsiku lonse, ntchito zonse za wodwala azigwire ndi manja ake. Inu muwatenge amayi mupite nawo kulikonse kumene akufuna, ndipo za chithunzi musazitchule. Akayamba kulankhula, musawadule ndi malangizo.

Mukatero, inu ana mupatuke. Pempho la bambo linalakwika njira, linapita kwa mwana m'malo mopita kwa mkazi wawo. Bambo anu anadwala ziwalo, nzeru zawo zilipo, ndiye musawabisire ngati khanda. Auzeni zoona zake: amayi akana, ndipo chifukwa chake n'chakuti akalowa m'gemu adzaonedwa ndi dziko lonse. Mwina iwo sakudziwa n'komwe zimenezo, ndipo mwamuna wansanje yake angathe kukana yekha asanamalize kumva. Kenako auzeni kuti ngati akufunabe, apemphe okha kwa eni ake. Zimitsani TV, tulukani panja, muwasiye awiri. Ziwatengere ola lathunthu kuti atulutse chiganizo chimodzi, palibe kanthu. Mawu amene abwererawa mpaka pano apita kwa Mawaya, kwa inu ndi kwa anthu apanjinga, ndipo amayi anu akudikira gawo lawo.

Mwina pambuyo pake amayi adzalola kena kake kochepa, monga chitseko kungotseguka popanda nkhope ya munthu. Mawaya ndi waluso, angathe. Koma ngakhale chimenecho chichokere kwa iwo, musachite kuwanyengerera mosinthanasinthana mpaka atope n'kuvomera kuti muwasiye.

Chenjezo langa ndi ili. Chithunzicho musachisiye m'foni kapena pamalo pamene mlongo wanu angachipeze, chifukwa munthu wochita zabwino akafulumira samva mabuleki. Ndipo amayi akakananso, nkhani ithere pomwepo, popanda kuwakwinyira nkhope. Matenda atalowa m'nyumba mwanu palibe anawafunsa ngati akufuna kusambitsa, kudyetsa ndi kunyamula mwamuna wawo, anangovala zilimbe n'kuyamba. Pa chinthu chimodzi ichi afunsidwa, ndipo ayankha. Yankho lawolo lilemekezeni.

Aphungu