Lolemba la Tchuthi ndi Misa ya Bambo

Medellín, 20 Okutobala

Okondedwa achimwene Ferney,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuwalola kufika kumunda wa khofi? Ine ndili bwino, kungoti mvula kuno siikupuma.

Munandifunsa ngati ndibwere ku Misa yokumbukira bambo pokwana chaka chimwalirire. Ndachedwa kuyankha chifukwa nkhaniyi inakolana ndi ya kuntchito.

Paja ndimayang'anira mapulogalamu a pakompyuta amene m'mawa uliwonse amalandira okha uthenga wochokera kunkhokwe ya mankhwala, n'kugawa mankhwalawo ku masitolo a m'midzi. Ina ikamaliza imapatsira inzake. Mwa apo ndi apo mzerewu umangoima, magalimoto n'kulephera kunyamuka, ndipo wodwala shuga kumudzi amadikira tsiku lina.

Chizolowezi chathu chinali chongouyambitsanso, ukayenda basi nkhani yatha. Poti timasinthana, aliyense ankayesa ndi tsoka lake. Wilmar, mnzanga wa mu ofesi, ankati makinawa ali ngati bulu wa agogo ake, sayenda popanda chikwapu.

Wilmar yemweyo ndiye ananditsegula maso osadziwa. Ndinaona kuti tsiku lililonse loyambitsanso, iye amabwera mphuno itapsa ndi dzuwa la kunyanja ku Guatapé, kumene amakacheza pa tchuthi. Ndiye kuti dzulo lake linali Lolemba la tchuthi. Tsiku lotero kunkhokwe amatseka, satumiza kanthu. Pulogalamu yoyamba imadikira mpaka kukomoka, ndipo Lachiwiri siidzuka yokha. Ife n'kumadzitama kuti tachiritsa, chikhalirecho matenda sitinawafufuze n'komwe. Zinandipweteka mtima, achimwene.

Tsopano ndaiphunzitsa kudziwa masiku a tchuthi, kuti izidumpha Lolembalo n'kuyamba yokha Lachiwiri. Abwana anga, Doña Nohemí, anayamikira, koma anati ndikhale pano pa tchuthi chikubwerachi ndiwonetsetse kuti zayenda. Ndilo tsiku la Misa. Ndinawayankha mwaulemu kuti ngati chinthucho chikufunabe mlonda, ndiye kuti sindinakonze kanthu. Anati ndipite, koma mzere ukaima, za ntchito yanga ya chaka chamawa iwo sadzandilankhulira.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Komabe ndikubwera.

Pempho langa ndi limodzi. Mudzandichingamire pokwerera basi kwathu ku Sandoná Lamlungu, ndipo mudzandilande foni pomwepo. Musadzandibwezere mpaka Lachiwiri masana, ngakhale ndichonderere bwanji. Ndimadzidziwa ine. Ikakhala m'thumba, ndidzagwada pafupi ndi amayi m'tchalitchi koma mtima uli ku Medellín, ndipo bambo adzakhala atandidikira pachabe.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a ku Pasto ndi kwa ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Yurany