Misomali ya Eben

Lolemba, 3 Juni 1878

Fumbi kummwera. Ng'ombe za ku Texas zafika, anyamata oziweta pambuyo, ludzu la miyezi. Pa mlatho chikwangwani chatsopano: mfuti m'tauni muno ayi. Wolowa aisiye kunyumba ya alendo, ndiye kuti kwa ine, adzaitenge potuluka. Misomali yopachikapo mfutizo ndinakhoma ndikuseka chamumtima. Lamulo la papepala kwa anthu awa?

Koma taonani! Zimphona zandevu pamzere ngati ana a Sande sukulu, aliyense akumasula lamba wake. Bambo Tolliver, wapolisi wathu, kamunthu kowonda, osakweza n'komwe mawu. Wina pondipatsa yake: "Mayi, muziifunditsa, siinagonepo yokha." Khoma ladzaza. Ndaliyang'ana mpaka nyemba zapserera.

Lachitatu, 5 Juni

Wabwera. Doss Kimbrell, amene anawombera mwamuna wanga Eben chaka chatha pomwera akavalo, polimbirana woyamba kumwetsa. Khoti linati onse awiri anali ndi mfuti, palibe mlandu. Lamuloli linabadwira pa maliro amenewo.

Sanandizindikire. Mfuti yake anaiika m'manja mwangamu, ikadali yofunda. Ndinaipachika pa msomali wakumapeto. 

Lachinayi, 6 Juni

Mfuti ya Kimbrell ili ndi zipolopolo. Ndaona. Iye amakhala pakhonde la wometa, tsidya la msewu, msana kuno. Ngakhale ine sindingaphonye.

Masana ndinaitsitsa. Kulemera kwake! Bambo Tolliver analowa, anaona, anakhala pansi n'kupempha khofi. "Mayi Harlan, chikwangwani chija sichinati amuna okha." Anamwa, anapita. Osandilanda.

Ndaibwezera pa msomali wake. Zamawa sindikudziwa.

Loweruka, 8 Juni



Pomwera akavalo pomwepaja, dzuwa lili paliwombo. Kimbrell ndi Anders wosula zitsulo, uja mkazi wake ali woyembekezera. Kavalo wa wina waluma wa mnzake. Kutukwanizana. "Choka apa, mlimi wa mbatata iwe!" "Kasambe kaye, ukununkha kuposa ng'ombe zako!" Kenako ndinaliona dzanja la Kimbrell likutsikira m'chiuno, liwiro la njoka. Mmene linatsikira kwa Eben.

Linamenya buluku. Pha! Basi.

Anaima n'kumaliyang'ana dzanjalo ngati si lake. Anders anamunyamula n'kumuponya m'madzi, anthu kuseka.  Ndaiona imfa ndi maso angawa, yafika pamalo pake, pa nthawi yake, n'kupeza chida chake chili pakhoma panga. Mulungu wanga! Kamsomali kokhota kusunga munthu wamoyo. Mantha andigwira ngati m'tchalitchi.

Madzulo mkazi wa Anders anabwera kudzapempha mchere, akudandaula za malaya onyowa a mwamuna wake. Sakudziwa kanthu. Ndamudzazira kapu yonse, wadabwa.

Lolemba, 10 Juni

Anyamata a ng'ombe aja akubwerera kwawo. Kimbrell analowa m'mawa, diso lotupa, kavalo ali chire panja. Ndinatsitsa mfuti. Pakati pathu tebulo lokha. Inaloza pachifuwa pa mwini wake, chala changa chili pomwepo. Ndinaifuna imfa yake, ndisaname. Koma ikalira iyi, mawa ndani adzamasulenso lamba wake pakhomo pano? Ndipo Anders wina, chaka chamawa?

Ndinaitembenuza n'kumupatsa. Ndinangoti, "Ndine mkazi wa Eben Harlan."

Nkhope inachita kutuwa. "Masiku onsewa inali ndi inu?" Ndinati eya, yodzaza. Anatuluka chammbuyo, chipewa n'kuchiiwala patebulo.

Khoma latsala misomali yokhayokha. Ndi yako imeneyi, Eben, ija unagula kuti ukonze mpanda. Tsiku lija inali m'chitini, pansi pa bedi, ndipo iwe unatuluka ndi mfuti m'chiuno.