Musaimike Bana Mpundu Pafupi ndi Nyumba

Kitwe, 14 Juni

Okondedwa achimwene a Kapembwa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji ku Luwingu? Nanga mawondo a amayi akuti bwanji ndi chisanu chino? Ife kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha mlamu wanu chimene chikuchedwa kutha.

Masiku ano ndikungokumbukira chaka chimene ndinayamba ntchito nditachoka ku yunivesite, inu mukuyendetsa galimoto yathu ya kuntchito, ya makwerero ija. Munaitcha Bana Mpundu, mayi wa mapasa, chifukwa cha mabatire ake awiri. Tinkalawirira kukakonza mawaya a magetsi ku Chambishi, ine ndili phee pakati pa inu ndi malemu a Nsofwa. Kuseri kwa mpando kunali kamalo kofunda nthawi zonse. Tinkaikapo chinangwa chootcha, chokulunga m'nyuzipepala, ndipo masana tinkachipeza chisanazizire. A Nsofwa ankati galimotoyo inkawasamala kuposa akazi awo. Sindinadyenso chinangwa chokoma ngati chija.

Achimwene, kufunda kuja sikunali chifundo cha galimoto. Amene anapanga magalimotowa alengeza kuti onse a mtundu umenewu abwezedwe akakonzedwe. Akuti pamalo paja pamadutsa waya wa batire yachiwiri, amakhulana ndi chitsulo mpaka kusupuka, ndipo moto utha kubuka ngakhale injini ili yozimitsa. Sabata yatha ina inapsa pabwalo la kuntchito popanda woigwira. Ndinaima kuyang'ana matayala akusungunuka, mtima uli pa Bana Mpundu, amene munawagula popuma ntchito n'kuwamangira chisakasa cha udzu chogundana ndi chipinda cha amayi.

Nditakuuzani zimenezi pafoni, munandiseka. Munati, "Iwe injiniya, kusukulu anakuphunzitsa mantha okhaokha? Mayi wa mapasa sangaotche ana ake." Mwina mukunena zoona, mwina yanuyo itha zaka zina zambiri osachita kanthu. Ine sindikudziwa, ndipo nthawi zambiri ndimaopa zinthu zosachitika. Koma amayi sangathe kuthamanga.

Pempho langa ndi limodzi. Itulutseni m'chisakasamo tsiku lomwe kalatayi ifike, muiimike pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi udzu, ndipo mumasule mabatire onse awiri. Opangawo sakulandani galimotoyo, ndafunsa kawiri. Kugalaja yawo ku Kasama akungosintha wayayo n'kukubwezerani, ndipo akuti popita batire yachiwiri ikhale yomasula. Mukalola, ndipempha tchuthi kuti tipitire limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Chileshe, ndi kwa ana onse. Kuno mwana wanu Chomba akufunsa ngati mbuzi yake ija inaswa.

Kalatayi ndikupatsira a Mwenya, oyendetsa basi ya ku Luwingu, ndipo aima kale pakhomo akundithamangitsa. Mundikhululukire pa chimene ndachita. Ndawauza kuti asakupatseni inu, akaipereke m'manja mwa amayi. Maso awo saonanso zilembo, ndiye ndikudziwa kuti aitana inu kuti muwawerengere mokweza, mawu onse, mpaka pano. Ndikupinda masamba awiriwa tsopano, a Mwenya atambasula dzanja.

Ndine mng'ono wanu,
Chisanga